Nkhunda za pa Nyumba Yaphokoso

Mu Mtendere munalibe munthu amene sankadziwa mawu a Virginia ndi mwamuna wake Whyson. Ena anali asanawaonepo nkhope, koma mawu okhawo ankawadziwa bwino. Mlendo akasochera kudera lawolo, anthu ankangomuuza kuti, "Mukafika pa chigayo mukonele ku manja, elo mumvele chabe pamene bakangana. Ni pamene apo."

Pa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi za banja lawo, awiriwa anali atakanganirapo chilichonse chimene Mulungu analenga: mchere, sopo, wailesi, njira yachidule yopita ku Kalingalinga, ngakhale tsiku limene anachoka kwawo ku Katete kudzakhala mu Lusaka. Whyson ankakhoma mbaula ndi zidebe za malata pamsika, ndipo nyundo inali itamugonthetsa khutu lakumanzere, n'chifukwa chake ankalankhula mokuwa. Virginia anali ndi kantemba pageti pomwe ankagulitsa tomato, anyezi ndi zitumbuwa, ndipo iyeyu analibe chowiringula. Liwu anangobadwa nalo. Kunena zoona, iye sankaona vuto lililonse. Kwa iye kukangana kunali ngati kusesa pabwalo: ntchito ya tsiku ndi tsiku, ukaimaliza umakhala pansi n'kumwa tiyi.

Vuto linatulukira Lamlungu lina kumayambiriro kwa Okutobala, pakamwa pa mwana wawo mmodzi yekhayo, Tamara. Mtsikanayu ankasoka zovala ku Kaunda Square, ndipo kumeneko anapezana ndi Sydney Chisala, mnyamata wokonza magetsi, wofatsa mpaka kukwiyitsa. Makolo a Sydney anamwalira kalekale ku Kitwe, ndipo anamulera ndi azakhali ake, a Kafula. Popanda mawu a mayi ameneyu, tumbale, zija mbale zophimbirana zimene akuchimuna amatumiza pofunsira mbeta, sizikanatuluka pakhomo.

"Ba anti bake Sydney bakana kutuma tumbale," anatero Tamara maso ali pansi.

"Bakana chifukwa chani?" anafunsa Virginia.

"Ati bamvela kuti nyumba yatu ni ya chongo. Ati mukazi wokulila mu chongo amabwela nacho mu chikwama. Bazabwela beka pa Satade yosiliza ya mwezi, baone na menso yao."

"Chongo? Ise?" Virginia anadzuka pampando. "Ni batate bako aba bamene bakamba monga bali pa malata!"

"Ine?" anakuwa Whyson. "Imwe bamake Tamara, mukaitana kasitoma pa geti, ku Kalingalinga bamayanka!"

Anapitiriza choncho kwa kanthawi ndithu, aliyense kufuna kutsimikizira mnzake kuti waphokoso si iye. Pamene ankatopa, anapeza kuti mpando wa Tamara uli wokha. Apa Virginia manyazi anamugwira, ndipo pambuyo pa manyaziwo panabwera mantha. Mwana wake ankamukonda mnyamatayo ndi mtima wonse, ndipo banja likanatha lisanayambe chifukwa cha pakamwa pa mayi ake.

Lachiwiri m'mawa, akukazinga zitumbuwa, anamva kuphupha kwa mapiko. Pamwamba pa khoma la pakhonde, pansi penipeni pa malata, panali mpata pomwe mmisiri anaiwala kuikapo buloko. Pampata pamenepo panali nkhunda ziwiri. Zinali zija zopanda mwini, zimene zimatola chimanga kuchigayo n'kumagona paliponse. Ina inali ndi phiko loyera, inzake inali yakuda ngati makala onyowa. Yaphiko loyera inali italuma kamtengo.

Virginia anasiya chipande m'mafuta. Aliyense wokulira kumudzi amadziwa kuti nkhunda sikhala pakhomo pa mikangano. Mukangoyamba kutukwanana imanyamuka, ngakhale muipatse mpunga wothira mafuta. Zaka zonsezi nkhunda zinkadutsa denga lawo ngati pali maliro a mfiti, ndiye lero ziwiri zabwera ndi katundu! Anathamanga mpaka kumsika manja ali ufa wokhawokha, n'kukamukoka Whyson pakati pa amisiri anzake.

"Batate ba Tamara," ananong'ona, "Mulungu watituma mboni."

"Mwati chani?" anakuwa Whyson, akupereka khutu logontha lija.

Virginia anamuzungulira n'kupita ku khutu labwino. Anamufotokozera zonse: nkhunda zikamanga, zikaikira, zikafungatira mpaka Loweruka lomaliza la mwezi, a Kafula adzaona okha kuti pakhomo pali mtendere. Ndani angatsutsane ndi nkhunda? Chofunika chinali chimodzi chokha, kuti kuyambira tsiku limenelo pasamveke munthu wokweza mawu. Anagwirana chanza ngati ogulitsana njinga, amisiri ena ali kukamwa yasa.

Masiku atatu oyamba anali ovuta kuposa kusala kudya. Whyson ataponda tomato mwangozi, Virginia anatupa nkhope, anatsegula pakamwa, anayang'ana kukhoma, n'kumeza zonse mpaka misozi inatuluka. Tsiku lachitatu mnansi wawo, mai Inonge, anafika atavala chitenje chakuda, akuyenda pang'onopang'ono manja ali kumbuyo.

"Pepani ba neba," anatero, "sitinamvele bwino. Ni ndani watisiya?"

Virginia anamuika chala pakamwa n'kumulozera kukhoma. Pofika madzulo mzere wonse wa nyumba unali utadziwa, ndipo akasitomala ankagula anyezi monong'ona.

Kantemba kanali moyang'anizana ndi khonde, choncho Virginia ankaona zonse. Anthu amati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo iye, amene anali asanadekhepo chibadwire, anayamba kudekha. Anaona kuti yaphiko loyera ndiyo inkapita kukatola zomangira, kamodzi kamodzi, osatopa: kamtengo, udzu wa tsache, kawaya, ngakhale kachingwe kapulasitiki komangira matumba a makala. Ikafika inkakwera pamsana pa yakuda ija n'kuipatsa kamtengoko cha pamutu. Yakudayo inkangolandira, n'kukalowetsa pansi pa mimba yake, osasuntha n'komwe. Theka la timitengoto tinkagwera pakhonde, koma yaphiko loyera sinkadandaula. Inkangotsika n'kukatolanso.

Virginia sanafune munthu womuuza kuti wamkazi ndi uti. Kuyambira liti mwamuna akatola nkhuni? Ndipo popeza sakanatha kumukalipira Whyson, anapeza njira ina. Madzulo mwamunayo akabwera, ankakhala onse pabenchi, Virginia kumbali ya khutu labwino, n'kuyamba kunong'ona akuyang'ana mbalame.

"Yanganani uyu mai wa phiko yoyela. Kuchokela kuseni asebenza. Koma ba bwana aba bakuda, bankala chabe monga bali mu ofesi. Bamuna bonse ni chimozimozi."

"Mwina ba bwana baganiza vinthu vikulu," ankayankha Whyson monong'ona.

"Vikulu va chani? Va bola?"

Umu ndi momwe anakanganira sabata yonse, mwakachetechete, kudzera mwa nkhunda, ndipo zinkawakomera kuposa kale chifukwa aliyense ankayesetsa kuti asaseke mokweza.

Loweruka madzulo yakuda ija inakhala pachisa mwachilendo, itadzitukumula. Virginia anamangirira kagalasi ka Tamara kunsonga kwa mtengo wa tsache, n'kukakweza pang'onopang'ono mbalameyo itatsika kukamwa madzi. M'galasimo anaona dzira limodzi, loyera mbee, lili pa timitengo tosakwana makumi awiri. Anavina pakhondepo yekhayekha, osatulutsa mawu, chiuno chokha chikugwira ntchito. Patapita masiku awiri anakwezanso galasi n'kupeza mazira awiri. Anamutuma Tamara kuti akauze Sydney, kuti Sydney akatchule pamaso pa azakhali ake ngati mwangozi, kuti kwa apongozi ake nkhunda zaikira. Tamara anangoti, "Nizakamba, mami," osasekerera.

Kufungatira kutayamba, Virginia anapeza umboni wina. Dzuwa likakwera, cha m'ma teni koloko, yaphiko loyera inkafika n'kukhalira mazira. Inkakhala pamenepo kutentha konse kwa Okutobala, malata akuwotcha pamutu, mlomo uli yasa, mpaka cha m'ma folo. Ndiye yakuda inkatulukira kuchokera kochokera, itakhuta, n'kuikankha inzakeyo pang'ono ndi chifuwa mpaka itachoka.

"Mwaona?" ankatero Virginia. "Ayenda zuba yonse, abwela mumazulo, apitikisa mukazi pa bedi. Ndiye nkani ya ine iyi."

Zitumbuwa zinapserera kangapo masiku amenewo. Kasitomala wina anaima mpaka kutopa, anadzitengera yekha tomato n'kusiya ndalama pansi pa mwala. Virginia sankasamala. Ankadzuka ali ndi chimwemwe cha mwana wasukulu tsiku lotsekera, ndipo chinthu choyamba chinali kukasuzumira kukhoma. Whyson naye anayamba kubwera ndi chimanga chakuchigayo m'thumba la ovolosi, n'kumachimwaza pafupi ndi khonde ngati munthu wopereka chakhumi.

Lamlungu lachitatu la mwezi, atabwera kutchalitchi, Whyson anakhala pakhomo tsiku lonse. Madzulo nkhunda zitasinthana, yaphiko loyera inatera padenga la bafa moyang'anizana ndi chisa. Inafufumitsa khosi mpaka linawala mobiriwira, inatambasula mchira n'kumaukweza pamalata ngati tsache, inazungulira kawiri, inawerama, n'kulira kuti kukuruu, kukuruu. Yakuda inkangoiyang'ana ili pamazira, ngati mayi amene anazimva kale zonsezo.

Whyson anadzuka pang'onopang'ono. Ali mnyamata ku Katete, amalume ake ankaweta nkhunda, ndipo gule ameneyo ankamudziwa.

"Bamake Tamara," ananong'ona, "mukazi amavina so? Uja wa phiko yoyela ni mwamuna!"

"Boza."

"Ni mwamuna! Wamene anatola nkuni ni mwamuna! Wamene ankala pa mazila zuba yonse ni mwamuna! Masabata yabili mwenze kutamanda mwamuna munzanga!"

Bambo wa zaka makumi asanu ndi zinayi anafufumitsa khosi, anaika manja kumbuyo ngati mchira, n'kuyamba kuzungulira pabwalo akuwerama pamaso pa mkazi wake. Virginia anafuna kukwiya, koma phwete linamutulukira m'mphuno. Anadzitseka pakamwa ndi chitenje, misozi ikuyenderera, benchi ikugwedezeka. Sanakumbuke tsiku lomaliza limene anaseka chonchi ndi mwamuna ameneyu. Atapezako mpweya anawerengera zala n'kupeza pothawira.

"Ndiye kuti mukazi ankala kuchokela folo mpaka teni ya mailo. Mwamuna maawazi sikisi chabe, elo afuna bamuombele mu manja. Nakamba kudala, ni nkani ya ine iyi."

Koma Whyson sanamve zimenezo. Kuyambira tsiku limenelo yaphiko loyera inasanduka m'bale wake. Ankaitcha ba foromani. Ankaima pansi pa khoma n'kumaipukusira mutu mwachisoni, akuyang'ana timitengo tolendewera ndi zitosi zoyenderera pakhoma. "Mwamuna wosebenza so, nyumba yake iyi?" ankatero. "Balendo bazaganiza chani?" Virginia ankayesa ndi nthabwala chabe. Sanadziwe kuti kumsika, mbaula za anthu zitaima, mwamuna wake ankadula malata a chinthu china.

Loweruka lomaliza linafika. A Kafula ankayembekezeka nthawi ya leveni koloko. Pakhonde panapakidwa polishi wofiira mpaka pankaterera, makatani anachapidwa, ndipo pabwalo panasesedwa kawiri. Mazira anali atakwanitsa masiku khumi ndi asanu ndi anayi, ndipo dzulo lake Virginia anali ataona m'galasi kachibowo kakang'ono pa limodzi. Maunda akanatha kuswa mlendo ali pomwepo! Cha m'ma naini Tamara anapita kokwerera minibasi kukadikira mlendoyo, ndipo Virginia anathamangira kumsika kukagula nkhuku yamoyo.

Pobwera, nkhuku ili m'khwapa, chinamuthobwa m'maso chinthu chonyezimira. Pakhoma la kutsogolo, pafupi ndi chitseko, pomwe mlendo aliyense akanachiona, panali kanyumba ka malata. Kanali ndi denga lotsetsereka, kakhonde, tizenera tiwiri, ngakhale kampopi kotayira madzi a mvula. Kanali kokongola, tisaname. Whyson anaima pansi pake atavala malaya akutchalitchi ndi kapusi yake yamsika, manja ali m'chiuno, akumwetulira mpaka m'makutu.

"Sapulaizi," ananong'ona. "Nabasamusa. Manje ni ba mayadi, bankala monga bantu bolemela."

Virginia anayang'ana kumpata kuja. Panalibe kamtengo n'kamodzi komwe. Nthawi yosinthana inali itakwana, ndipo nkhunda zonse ziwiri zinaima pamalo opanda kanthupo, zikuzungulirazungulira, zikusuzumira pansi pa mapazi awo, zikulira motsitsa. Kanyumba kanali pamtunda wa mikono itatu yokha, mazira akuonekera pakhomo pake, koma mbalamezo sizinkakayang'ana n'komwe. Nkhunda imadziwa malo, sidziwa dzira. Kuwonjezera apo, khoma la kutsogolo linali padzuwa, ndipo malata atsopanowo anali atayamba kale kutentha.

Amati ndidziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo. Uyu khomo anaika, koma nzeru anaziiwala kumsika. Zonse zimene Virginia anameza masiku makumi awiri ndi asanu zinakwera pamodzi kukhosi. Nkhuku inagwa pansi n'kuthawira kuseri ndi miyendo yomangidwa.

"Whyson!" Dzinalo anali asanalitchule chikwatiwire. "Mwapika mazila! Mwapika chikwati cha mwana wanga mu mbaula! Mutu uyo muli chani, malata?"

"Nenze kutandiza!" anakuwa Whyson, naye chivindikiro chitachoka. "Imwe simuyamika! Masabata yabili nasebenza pa iyi nyumba!"

"Ndani anakutumani? Nkunda inalemba kalata? Kwelani! Bwezani manje manje!"

Nkhunda zinabalalika n'kukatera padenga la mai Inonge. Whyson anakoka makwerero ake, aja anawakhoma yekha, a mwendo umodzi waufupi. Anatenga mazira awiri aja ali ofunda ngati ochokera m'madzi otentha, n'kuwaika m'kapusi pamodzi ndi timitengo tonse. Kenako anasunthira makwerero pakhonde. Koma pakhondepo panali polishi. Atangoponda sitepe yachiwiri, miyendo ya makwerero inayamba kuyenda yokha. Virginia anaidumphira, anaiponda ndi phazi, n'kugwira makwererowo ndi manja onse awiri, chifuwa chili pa thabwa.

Kuti akwere bwino, Whyson analuma kapusi ija ndi mano. Apa Mulungu anamuchitira Virginia chifundo chimene anali asanachionepo: mwamuna wake sakanatha kuyankha. Anagwiritsa ntchito mwayiwo mokwanira. Anamukumbutsa za tomato anaponda uja. Anamukumbutsa za wailesi imene anaikonza mpaka inasiya kulankhula. Anabwerera m'mbuyo mpaka pa tsiku la ukwati wawo pamene anafika mochedwa chifukwa ankapopa njinga. Whyson ankangoti "Mmm! Mmmm!" makutu ali piriwiri, akuyala timitengo pampata paja.

"Osati so! Kawaya pansi! Simunaone mwamene ba foromani banu banachitila? Chimutu monga dilamu ya manzi!"

Ali pakati pofotokoza za mutuwo, anamva geti likulira. Anatembenuza khosi. Pageti panaima mayi wamtali, wovala diresi la chitenge chabuluu ndi duku lofanana nalo, magalasi ali pamphuno. Kumbuyo kwake kunali Tamara atanyamula chikwama cha mayiyo.

Anali a Kafula. Mwambo Virginia ankaudziwa bwino: mlendo wotere umamuthamangira, umagwada, umaomba m'manja, umamulandira katundu. Mawondo ake anayamba kupinda okha. Koma atangofewetsa dzanja limodzi, makwerero anaseseleka chala chimodzi pa polishi, ndipo pamwamba panamveka "Mmmm!" wamantha. Anagwiranso zolimba. Anakhala choncho, msana ataulozetsa kwa mlendo wolemekezeka, thukuta likutsika, duku litapendekeka.

"Mwabwela, mayo," anatero ndi mawu osasa. "Munikululukile. Siningasiye."

A Kafula analowa, anadzikokera okha kampando ka pakantemba, n'kukhala pamthunzi miyendo ataiphatikiza. Anayang'ana m'mwamba, anayang'ana pansi. Whyson anatsiriza kuyala chisa, chokhotakhota kuposa cha eni ake, n'kuikamo mazira limodzi limodzi. Anatsika ngati munthu wopita kukaweruzidwa. Phazi lake litagunda pansi m'pamene Virginia anasiya makwerero, manja atachita mizere yofiira. Onse awiri anagwada pa polishi pomwepo.

"Shh," anatero a Kafula, akuloza kudenga ndi chibwano. "Tiyembekeze tione."

Anadikira. Kumpanda kunali mitu ya anansi ili ndandanda, ya mai Inonge ili patsogolo, ndipo panalibe wotsokomola. Virginia ankapemphera chamumtima, akulonjeza Mulungu zinthu zimene ankadziwa kuti sangazikwanitse. Patapita nthawi yokwanira kuphika tiyi, yaphiko loyera inauluka n'kutera m'mphepete mwa khonde. Inapendeketsa mutu, inayang'ana anthu, inayang'ana chisa. Inayenda masitepe atatu n'kubwerera awiri. Kenako inalowa pampata paja, inakonza kamtengo kamodzi ngati ikunyoza ntchito ya Whyson, inakokera mazira pansi pa chifuwa ndi mlomo, inadzigwedeza, n'kukhala.

Kumpanda kunamveka nthungululu yonong'ona. Whyson anapukuta maso ndi kapusi. Virginia anapezako kamphamvu, n'kuyesa kupulumutsa chimene chinatsala.

"Mwaona, mayo," anatero, "nkunda sizinkala pa nyumba ya—"

"Awe mukwai, ivo visiyeni," anamudula a Kafula. "Kwatu ku Kitwe nkunda zinamanga pa bala pamene bantu benze kumenyana na mabotolo Fulaide iliyonse. Zinabala mpaka zinazula. Nkunda ifuna chabe pobisala mvula na chimanga pafupi. Va mutendele siziba."

Virginia anamva ngati amulanda chitenje pagulu. Masiku onse aja akumeza mawu, zitumbuwa zonse zopserera zija, zonse zinali zachabe.

"Chongo namvela kuchokela pa chigayo," anapitiriza a Kafula. "Vamene bananiuza ni va zoona, futi banachepesako. Koma ine nenze kuyangana manja. Mwabaitana maina yonse aba batata, yenangu nikalibe kuyamvelapo. Mwaniona ine, mwaziba chamene nabwelela, nsoni zamigwilani. Koma simunasiye. Ine naona manyumba ya zii yamene muntu angagwe, munzake apitiliza chabe kusenda mbatata." Anavula magalasi n'kuwapukuta. "Tumbale tuzabwela pa Satade yamene ibwela, ba sebele."

Ba sebele! Mawu amene makolo amaitanirana ana awo akakwatirana! Virginia anafuna kulumpha, kukumbatira mayiyo, kukumbatira makwerero, ngakhale kukumbatira Whyson. Anaomba m'manja akuseka ndi kulira nthawi imodzi, ndipo Whyson anafunsa mokuwa kuti, "Bati chani? Bavomela?"

"Navomela," anatero a Kafula mokweza, kenako anatsitsa mawu. "Koma ba sebele, yanganani mwana wanu."

Virginia anatembenuka. Tamara anali asanalowe. Anali chiimire pageti pomwe paja, chikwama cha mlendo atachikumbatira pachifuwa, mapewa atawakweza mpaka m'makutu, maso atatsinzina zolimba. Sanamve n'komwe kuti zatheka. Mkazi wamkulu wa zaka makumi awiri ndi zinayi anaima ngati kamwana kodikira kuti bingu lidutse. Virginia anali asanaonepo kaimidwe kameneko, ndipo anazindikira chifukwa chake: nthawi zonse akamakangana, maso ake ankakhala pa Whyson, ndipo mwana ankakhala kumbuyo.

Chimwemwe chija chinaphwa. Anadzuka, anayenda mpaka pageti, n'kumukhudza pamkono. Tamara anadzidzimuka n'kutsegula maso.

"Bavomela, mwana wanga," anatero Virginia motsitsa. "Ni mwamene umachitila so lyonse?"

"Kuchokela nili mung'ono, mami."

"Nanga sunakambe chifukwa chani?"

"Nenze kukamba," anayankha Tamara. "Simwenze kumvela."

Virginia anamulandira chikwama chija, anamugwira dzanja, ndipo dzanjalo linali lozizira ngakhale dzuwa linali pamutu. Sanalisiye mpaka anakafika naye pamaso pa mlendo.